Bilimankhwe Alephera Mayeso Osoka Bala

Pasukulu ya zaudokotala ya m'nkhalango ina pankaphunzira Bilimankhwe ndi Gologolo. Onse awiri ankafunitsitsa kudzakhala madokotala, koma mitima yawo inali yosiyana. Gologolo ankayankha funso lisanathe n'komwe, pamene Bilimankhwe, ngakhale yankho akulidziwa, ankangoti, "Ine mutu wanga ndi wouma, funsani ena."

M'chaka chachitatu kudabwera mayeso osoka bala. Mphunzitsi wawo, Dokotala Nungu, adayala zikopa zong'ambika patebulo napatsa aliyense singano ndi ulusi. Dzanja la Bilimankhwe lidayamba kunjenjemera, singano idagwa kawiri, ndipo nthawi idatha atangosoka theka. Pomuitana payekha, Nungu adati, "Simunakhoze. Mudzabwereza pakatha mwezi."

Tsiku limenelo chakudya chidamukanika Bilimankhwe. Ankangoganiza za amayi ake, amene anali atauza kale anansi onse kuti mwana wawo ndi dokotala. Adalemba kalata yosiya sukulu, koma manyazi adamuletsa kukaipereka. M'malo mwake adakwera mtengo wa mthethe kuseri kwa kalasi, nasintha khungu kuti lifanane ndi khungwa, ndipo adakhala momwemo masiku atatu.

Tsiku lachitatu masana adamva wina akusisima patsinde pa mtengowo. Atasuzumira adaona Gologolo atazyolika, mchira uli gone pafumbi.

"Aise, chavuta n'chiyani?" adafunsa Bilimankhwe akutsika pang'onopang'ono.

Gologolo adadzidzimuka, kenaka adapukuta misozi. "Ndalephera. Ndidasoka mothamanga, ulusi wonse udamasuka. Anzathu ndawanamiza kuti ndakhoza."

"Iweyo? Ine ndimayesa chitsiru ndine ndekha pasukulu pano."

"Tilipo asanu," adatero Gologolo. "Ndaona maina pachitseko cha aphunzitsi. Aliyense akulirira pakona pake."

Awiriwo adapita kwa Dokotala Nungu, Bilimankhwe atafumbatabe kalata ija. Nungu adaiwerenga mpaka kumapeto, naibweza kwa mwini wake.

"Ine ndidalemba kuti msoko wanu sudathe," adatero. "Zoti ndinu wopanda pake mwalemba nokha. Theka lomwe mudasokalo linali lolimba bwino. Kaitaneni anzanu atatuwo, mubwere ndi makoko a nthochi."

Kuyambira mawa lake asanuwo ankakumana m'mawa uliwonse n'kumasoka makoko a nthochi. Dzanja la Bilimankhwe silidasiyiretu kunjenjemera, koma adaphunzira kutsamiritsa chigongono patebulo ndi kupuma kaye asanalase singano. Gologolo naye adaphunzira kukoka mfundo iliyonse kuti aone ngati yagwira. Wina akalakwitsa ankaseka onse, n'kuyambiranso.

Mwezi utatha adabwereza mayeso. Anayi adakhoza, kuphatikizapo Bilimankhwe amene adamaliza nthawi itangotsala pang'ono kutha. Koma mnzawo Mbira adalepheranso, ndipo adathawira kuphanga kwake.

Anzake akuvina pabwalo, Bilimankhwe adatola singano ndi khoko la nthochi nauyamba ulendo wa kuphanga kuja. Adafika dzuwa litapendeka.

"Chokani, ine ndine wolephera," adatero Mbira ali m'kati.

"Ndamva," adayankha Bilimankhwe akukhala pakhomo. "Ndidikira pompano. Ukatha kulira utuluke, tione pamene ulusi ukukuthawira."

Patapita nthawi ndithu, Mbira adasuzumira kunja, natambasula dzanja kulandira singano.

Phunziro: Kulephera mayeso sikutanthauza kuti ndiwe wopanda pake. Ukagwa usadzitukwane kapena kubisala. Uza anzako, pempha thandizo, ndipo ukadzuka ukumbukire amene akadali pansi.