Mwavomera, Aphunzitsi

Aphunzitsi a Mkwezalamba anali ouma manja pa malikisi. Ndakatulo ya Ndaziona anaitcha phala lopanda mchere, sewero lake anati ndi maliro.

"Yatsala nthano," anatero. "Ikapanda kundigwira mtima, ubwereza kalasi. Ndipo wosavomera nthanoyi ndimupatsa ziro, ngakhale nditakhala ine ndemwe."

"Padangotero," anayamba Ndaziona.

"Tilitonse!" inayankha kalasi yonse, aphunzitsi patsogolo.

Mtsikanayo anaikoka ngati ulimbo nthano ya mphunzitsi wina, mpaka a Mkwezalamba anayamba kuvomera akuwodzera.

"Ndiye mphunzitsi uja anati, 'Ndaziona wakhoza mayeso onse.'"

"Tilitonse," anatero a Mkwezalamba.

"Yathera pomwepo. Mwamva nonse, eti?"

Aphunzitsiwo anadzidzimuka. "Iwe! Ine ndimangovomera!"

"Eya, mwavomeradi, aphunzitsi. Kapena mubweza mawu, mudzipatse ziro?"