Tsiku limene a Chikadza anatafuna phula

Ana inu, senderani kuno ndikuuzeni za a Chikadza, koma musakanene kuti mwamva kwa ine.

Kale kwathu kumapiri kunali kampani yokazinga mtedza. Mtedza utayamba kusowa, eni ake anati, "Tsopano tiweta njuchi. Aliyense aphunzire ntchito yatsopano. Wokana, chipata ndi icho."

Nagama anali mayi wosesa pakampanipo. Sukulu analekera sitandade fili, ndipo kunyumba ana anayi ankayang'ana iye. Ndiye pamaphunziro anangoti kakaka kwa mtsikana wina amene anabwera kudzawaphunzitsa za njuchi.

"Pepani aphunzitsi, utsiwu ndi wa chiyani? Nanga uchi wokhwima timaudziwa bwanji?"

A Chikadza, kapitawo wa mimba ngati mtsuko, omwe aja anali ndi chibwenzi kuseri kwa msika akazi awo osadziwa, ankangoseka chikhakhali. "Iwe Nagama, mafunso ngati wapolisi! Ine zaka makumi awiri ndili pano. Ndizifunsa kamtsikana kobadwa dzulo?"

Nagama manyazi ankamugwira ndithu, koma mawa lake ankafunsanso.

Patapita miyezi itatu, kunabwera ogula ochokera mumzinda. Abwana anati amene afotokoze bwino katundu ndiye akhale kapitawo wa ntchito yatsopanoyo. Patebulo panali mabotolo a uchi ndi zibulunga zachikasu.

A Chikadza anatsogola, chifuwa patsogolo. Ananyamula chibulunga chimodzi. "Uwu ndi uchi wouma, wa anthu olemera okhaokha!" Anachiponya mkamwa.

Tafu, tafu, osamezeka. Kamwa lonse nyatanyata. Pofuna kulavula, dzino lawo loikirira linatulukira limodzi! Ogula aja anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Nagama anaimirira. "Pepani mabwana, limenelo ndi phula. Timalipeza tikafinya zisa. Timapangira makandulo, mafuta odzola ndi polishi wa nsapato." Anafotokoza zonse osapunthwa, ndipo tsiku lomwelo anasiya tsache n'kukhala kapitawo.

A Chikadza anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito, koma Nagama anawapepesera. "Bambowa mutu ali nawo. Pakamwa pofunsira pokha ndi pamene panali potseka."

Ndiye mukamva anthu akuti "Safunsa anadya phula," dziwani kuti anayambira pamenepo. Zinthu zikasintha pantchito, zaka zimene wakhalapo sizikuphunzitsa zatsopano. Wofunsa amaoneka wopusa kamphindi chabe, koma wodziyesa wodziwa zonse amachita manyazi pagulu, alendo akuona.