Timitanda ta m'Baibulo la Bambo

Charity Fulutuna ankakhala m'kachipinda kapamwamba pa shopu ya nsomba zouma ku Peckham, mumzinda wa London. Mkati mwa sabata ankaphunzira ku yunivesite ku Greenwich, kumapeto kwake n'kumasamalira okalamba. Tsiku lina m'chaka cha 2004, akusuntha mabuku kuwathawitsa chinyontho cha pakhoma, chikuto cha Baibulo la malemu bambo ake chinamatuka, ndipo munagwa kapepala kopindidwa kanayi.

Papepalapo panali pojambulidwa ndi pensulo chitsime, mitengo iwiri ya mango, kanjira kokhota, ndi timitanda makumi awiri ndi titatu, kalikonse ndi nambala pambali. Pamwamba bambo ake analemba dzina la mudzi wawo wa ku Angonia, ku Mozambique, umene banjalo linauthawa pa nkhondo Charity akadali kumsana. Za mudziwo bambowo sankakamba. Nkhondo itatha anzawo anakwera malole kubwerera kwawo, koma iwo anakakamira ku Dedza mpaka imfa, chifukwa chake osachinena.

Kapepalako kanamulowa Charity m'mutu ngati nyimbo. Ankakatambasula m'basi, ankakayang'ana akudya, n'kukatembenuza uku ndi uku. Patatha sabata anagamula yekha: timitandato ndi manda a makolo, ndipo manambalawo ndi mapazi oyenda kuchokera pachitsime.

Mu London monse munali munthu mmodzi wodziwa mudziwo. Anali a Biswick, mnzawo wa bambo ake kuyambira ku ubwana, amene anafika kuno podzera ku Portugal ndipo ankatsuka mabasi ku Romford. Iwo ndi Charity ankapemphera mpingo umodzi. Koma ankolo Biswick akayamba nkhani sankaona kuti dzuwa lapendeka, komanso ankamutengabe Charity ngati kamwana ka m'msasa wa othawa nkhondo. Charity ankafuna kuti chinsinsi cha bambo ake achitulukire ndi mutu wake wa ku yunivesite. Choncho anajambulitsa pepalalo, n'kulitumiza kwa mchimwene wake Wiseman ku Dedza, ndi kalata yofotokoza zonse ngati anazimva kwa mwini wake.

Wiseman anayankha pafoni ndi chimwemwe. Amayi awo anali atalira zaka zambiri kuti akasese pamanda a makolo awo asanatsikire kulichete nawonso, ngakhale ukalamba unali utawaiwalitsa mbali imene mandawo anali. Wiseman anati anthu a mudziwo anabwerera kale, koma anamanga m'mbali mwa msewu, pakuti pabwinja pankamveka mbiri ya mabomba okwirira pansi ndipo ochotsa mabomba anali asanafikeko. Zimenezo sizinamudetse nkhawa. Anati ena akuopa chifukwa alibe mapu.

Panapita masabata atatu. Lamulungu lina mapemphero atatha, anthu akumwa tiyi m'holo, Charity anaona kuti nthawi yodzitama yakwana. Anatulutsa kapepala kaja n'kuwapatsa a Biswick, nawauza kuti wapeza manda a kwawo.

Mkuluyo anavala magalasi. Anayang'ana chitsime, natsata kanjira kaja ndi chala, kenaka anafufuza mpando kumbuyo kwake n'kukhala pansi.

"Mwanawe, manda a kwathu ali kutsidya kwa mtsinje," anatero motsitsa. "Awa si manda."

Anafotokoza kuti asilikali atalanda mudziwo anagwira anyamata awiri, iwo ndi bambo a Charity, n'kuwakumbitsa maenje kuzungulira chitsime kuti adani asamatungepo madzi. M'dzenje lililonse munalowa bomba. Mnzawoyo ankawerenga mapazi chamumtima, ndipo atathawa anazilemba zonse, akuti tsiku lina adzazipereka kwa oyenera. Koma ankaopa kuti abale akadziwa manja amene anakwirira imfa pachitsime chawo, sadzamuyang'ananso kumaso.

"Ine ndinkayesa analiwotcha. Pepalali waonetsako wina?"

Charity anatembenukira kukhomo. Anatuluka chothamanga, osatenga ngakhale jekete, kukagula khadi la foni pa shopu ya pakona. Anaimba ku golosale ya ku Dedza kumene ankasiyirako mauthenga. Mwini golosaleyo anati a Wiseman ndi mayi awo anadutsa Lachisanu, atanyamula khasu ndi tsache.

Masiku awiri otsatirawo Charity sanapite ku kalasi. Lachitatu foni inalira. Anali amayi ake, akuimba kuchokera kuchipatala. Anati atafika pabwinja miyendo inawalemera, ndiye anakhala pansi pa mango. Wiseman anaima pachitsime, pepala m'manja, n'kuyamba kuwerenga mapazi mokweza kuti iwo azimva. Mapuwo sananame. Pa phazi lakhumi ndi chinayi nthaka inaphulika. Wiseman moyo anapulumuka nawo, koma mwendo wamanzere anaudula m'munsi mwa bondo.

A Biswick ndiwo anamudzutsa Charity pamene anagwa mphwayi ndi uthengawo. Anapempha tchuthi kuntchito, namutenga ulendo wa ku ofesi ina mumzinda, ya bungwe lochotsa mabomba m'maiko amene munali nkhondo. Kumeneko mkulu uja analankhula maola atatu, ndipo panalibe amene anayang'ana wotchi. Ananena mtundu wa mabombawo, kuya kwa maenje, mbali imene madzi a mvula amatsetserekera, ngakhale kutalika kwa phazi la mnzawo. Ananenanso dzina lawo lenileni, limene analisiya pothawa nkhondo, ndi zimene anachita, osabisa kanthu. Charity anakhala pambali akumasulira pamene Chingerezi chawathera, ndipo zambiri za bambo ake anazimva tsiku limenelo.

Mapu ndi mawuwo anawatumiza kwa gulu limene linkagwira ntchito ku Angonia. Anthu ake anagwada pabwinjapo miyezi inayi, akufukula nthaka pang'onopang'ono ngati ofuna singano. Anapeza mabomba makumi awiri ndi awiri. Mvula ya chaka chotsatira isanagwe, mabanja anayamba kuchoka kumsewu kukamanga pamalo a makolo awo, chitsime anachikonza, ndipo amayi a Charity anawoloka mtsinje n'kukasesa pamanda enieni.

Wiseman sanamunenepo mlongo wake mawu oipa. Anaphunzira kuyenda ndi mwendo woikirira, n'kubwerera ku ntchito yake yosoka zovala. Kamodzi kokha, akucheza pafoni za mitengo ya nsalu, anafunsa ngati wongodutsa.

"Kodi ankolo Biswick amakhala kutali ndi iwe?"

"Ayi, achimwene. Tinkaonana Lamulungu lililonse."

Wiseman anangopitiriza za nsalu zija. Charity anangogwira foniyo kukhutu. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.