Kambalame ka Mchira Woyera

Nyengo yachisanu ndi nkhungu ya chiperoni, tiyi akamadulidwa, esiteti imaoneka ngati mutu wometa mpala. Tsiku lina Peterson, kapitawo wa gulu lodulira tiyi, anatsikira kukhwawa komwe kunatsala timitengo tachilengedwe kuti akasambe m'manja. Kumeneko anaona kambalame kachilendo. Kanali kotuwa, kamutu kakuda kokhala ndi katsumba, ndipo sikankakhazikika. Kankatambasula mchira, n'kuzungulira panthambi, n'kudumphira tizilombo m'malere, n'kubwereranso. M'mbali mwa mchirawo munkaoneka ngati moyera.

Ataweruka anawafotokozera bambo ake, a Zakeyu, amene miyendo inali itawakana moti ankangoswera pakhonde. Mkuluyu anakulira m'mphepete mwa nkhalango ya paphiri la Thyolo, nkhwangwa zisanaimalize.

"Wati mchira woyera m'mbali?" anafunsa a Zakeyu, akuwongola msana. "Kameneko n'kakuphiri. Malemu amako ankakatcha namwali wa tchopa chifukwa cha kavinidwe kake. Ndinkawadikirira panjira ya kunkhuni tisanakwatirane, iko kakutivinira pamwamba. Chitherereni nkhalango ija sindinakaonenso. Mawa undikweze panjinga."

"Dikirani kaye, ababa," anayankha Peterson. "Mtundu umenewo sukhala kumunsi kuno. Mwina ndi kena kongofanana nako. Ndiyambe ndakajambula mchirawo pafoni, titsimikize."

Peterson ankaopa kusekedwa kuposa china chilichonse. Chaka china analengeza kuti waona nyalugwe m'tiyi, anthu atathamangirako anakapeza galu wa alonda, ndipo anzake ankamutchabe a Nyalugwe. Kuyambira pamenepo analumbira kuti sadzanenanso kanthu popanda umboni.

Koma kambalame kovina sikaimirira chithunzi. Tsiku lililonse, nthawi yopuma, Peterson ankatsikira kukhwawa, n'kubwerako ndi zithunzi za masamba ndi mithunzi. Nawo a Zakeyu m'mawa uliwonse ankavala jekete lawo lakutchalitchi n'kukhala pakhonde, maso ali panjinga. Mwana wawo akangoikankha yekha kutuluka, ankalivula mwakachetechete n'kulipinda.

"Inu a Nyalugwe," anatero Anesi, mkazi wa Peterson, tsiku lina akuyanika zovala, "ababa sakufuna chithunzi. Akufuna kambalameko."

"Ndiwanyamule mtunda wonsewu m'chisanu, kuti akapeze kuti ndi timba?"

"Akapeza timba adzaseka, n'kubwerako. Nanga pakhondepa akupezapo chiyani?"

 Peterson anakwera njinga n'kumapita.

Nkhungu inayamba kuchepa, dzuwa n'kumaluma, tiyi wodulidwa uja n'kutulutsa timasamba tanthete. Ndi pamene mwayi unamugwera. Kambalame kanatera pafupi, kanatambasula mchira, ndipo foni inagwira zonse: katsumba, ndi nthenga zoyera mbee m'mbali monse. Anafika kunyumba ali wefuwefu.

A Zakeyu anayang'anitsitsa foniyo nthawi yaitali. "Ndi komweko," anatero motsitsa mawu. "Koma apa kangoima. Sikakuvina."

Kutacha, Peterson anayala chitenje pakaliyala, nawakweza bambo ake, n'kukankha njinga pang'onopang'ono pakati pa mizere ya tiyi. Potsetsereka anachita kuwabereka. Anawakhazika pamwala pansi pa mtengo umene kambalame kaja kankaterapo, ndipo anadikira. Kunabwera apumbwa, kunabwera atimba, madzi ankangoyenda. Dzuwa linafika pamutu, kenako n'kupendeka. Awiriwo anabweranso mawa lake, ndi mkuja wake, koma nthambi ija inali yokhayokha.

"Kanatsika ndi chisanu, kakwera ndi kutentha," anatero a Zakeyu. "Kaya kapeza kuti nkhalango."

"Chaka chamawa kadzabweranso, ababa."

Mkuluyo anayang'ana miyendo yake yotupa, n'kumwetulira pang'ono.  Anangopempha foni ija, naigwira ndi manja awiri, n'kuyamba kuipendeketsa uku ndi uku, ngati kuti mwina kambalameko kangazungulire.

Peterson anatembenukira kumadzi kuti bambo ake asamuone nkhope. Umboni anali nawo m'manja, woti palibe akanamuseka, koma chimene mkuluyo ankavalira jekete chinali chitapita. Akuluakulu sananame: mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.