Tonde ndi Madeya a Kuseri kwa Nkhokwe

Padangokhala, kale ziweto zikadayankhula. Ndati padangokhala, mwagontha? Muziyankha kuti tili tonse. Eya, choncho. Iwe Ganizani, sendera kuno, nthano iyi ikufuna iweyo.

Padali mayi wina dzina lake Nangozo, woweta ngati ine ndemwe. Sadali wolemera ayi, koma ukangoona makola ake unkadziwa kuti pakhomo pali munthu. Ng'ombe zosalala, mbuzi zodzaza khola la m'mwamba, nkhupakupa osaiona ngakhale imodzi. Osati timbuzi ta anthu ena m'mudzi muno, toti ukationa umayamba ndi kupepesa.

M'khola la mbuzimo mudali Tonde, wandevu zofika pachifuwa, fungo lake lokafika kuchitsime mwini wake akadali m'khola. Mudalinso Mkota, mbuzi yaikazi yobereka bwino, ndi mwana wake Kamfule, amene adamufula akadali wamng'ono. Kukhola la ng'ombe kudali Nalinunda, ng'ombe yaikazi yokalamba imene idaona zambiri pakhomopo.

M'mawa uliwonse Tonde potsika m'khola ankaimba:

Ndevu ndi zanga,
khola ndi langa,
chokoma chonse ndi changa.

Tsono chimanga chitakololedwa, ziweto zikungoyenda zosamanga m'mapesi, Nangozo adalowa pakati pa mbuzi zake. Adagwira iyi pamsana, nkuisiya. Adagwira iyo pamsana, nkuisiya. Atafika pa Kamfule adamugwira pamsana, adamutsina m'nthiti, nkunena kuti, "Uyu ndiye." Adamumanga chingwe, adapita naye kuseri kwa nkhokwe, nkumuikira madeya othira mchere m'beseni.

Kamfule adakondwa. "Amayi, onani. Pa mbuzi zonse andikonda ine."

Mkota adathamangira kwa Nalinunda.

"Achemwali, inu mwakhalitsa pano. Dzanja pamsana, chingwe, madeya a mchere. Kodi ndi zimene ndikuganizazi?"

Nalinunda adayamba wabzikula. "Ndi zomwezo. Mwana wamkazi wa Nangozo wapeza banja. Mwezi wamawa kuli chinkhoswe, ndipo akuchimuna sadzabwerera nkhwani. Mwana wanga wamphongo adadyapo madeya amenewo. Zingwe za pagoli zija mukuziona, ndi chikopa chake."

Mkota adabwerera kwa mwana wake. Adati, "Mwana wanga, madeyawo usawakhudze. Ukadya unenepa, ukanenepa ndi mpeni."

"Nanga akapeza beseni lili lodzaza?"

Apo ndiye padali povuta. Nangozo sadali munthu wopusitsika. Akadaona kuti mbuzi ikukana kudya, akadakhala pomwepo nkumaidyetsa pamanja. Beseni lidayenera kumapezeka lonyambita, mwana nkukhalabe mafupa. Mkota adaganiza, adaganiza. Adye yekha? Mpeni ukadagwera iye, mwana nkutsala wamasiye. Ali mkati moganiza, adamva nyimbo ija ikuchokera m'mapesi. Adapita kukanong'oneza Nalinunda.

M'mawa mwake Tonde akudutsa pakhola la ng'ombe, Nalinunda adati, "Mwadzuka bwanji aTonde? Kodi khola lija mudagulitsa?"

"Kugulitsa? Wanena zimenezo ndani?"

"Ayi, ndimangofunsa. Ndaona mwana wa dzulodzuloli akudya madeya a mchere kuseri kwa nkhokwe, inu mukukukuta makungwa. Ndiye ndimati kapena ndevuzo zidatsala za chionetsero."

Tonde adatukumuka. Adapita kuseri kwa nkhokwe, adapeza Mkota ataima pambali pa mwana wake.

Mkota adagwetsa makutu. "Pepani bambo a khola, awa ndi a mwana. Mwini wake sadakuwerengereni inu."

"Sadandiwerengere ine? Choka apo."

Adagunda Kamfule ndi nyanga, mwana nkugwera uko. Adalowetsa mutu m'beseni, adadya, adadya, adanyambita mpaka beseni kuwala. Pochoka ndevu zili mbuu, akuimba:

Ndevu ndi zanga,
khola ndi langa,
chokoma chonse ndi changa.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Nangozo ankangothira madeya m'mamawa, ulendo kuchigayo, ulendo kukafuna nkhuni, ulendo kukafunsa chimera cha thobwa. Pobwera ankapeza beseni lili mbee, nkumati, "Ikudya bwino mbuzi yanga."

Koma Kamfule ankangodya timasamba tochepa timene mayi wake ankamukokera pafupi. Ankalira, "Amayi, njala. Ndingonyambitako pang'ono."

"Lira mwana wanga, koma usanyambite."

Patapita masiku Nangozo adaima nkumuyang'anitsitsa. "Iwe, madeya anga akupita kuti? Kapena ndi njoka za m'mimba?" Adamumwetsa mankhwala owawa, adawonjezera madeya, adawonjezera mchere. Owonjezerawo mukudziwa kumene adalowa.

Tonde adanenepa, ana inu. Khosi lidatha, msana udatambasuka ngati mphasa, pokwera m'khola mitengo inkalira. Nkhuku zina zachifundo zidamuchenjeza kuti, "ATonde, madeya a kuseri kwa nkhokwe sadyera kukoma."

Iye adaseka. "Mudamva kuti alendo awaphera tonde? Nyama yanga imanunkha. Ndiponso ana onse m'khola muno ndi anga. Akandipha, abereketse ndani? Nangozo sangayerekeze."

Tsiku lidafika. Kutacha, thobwa lili m'migolo, amayi akusesa bwalo, Nangozo adapita kuseri kwa nkhokwe ndi mlongo wake aGwaza, mpeni uli m'manja. Adagwira Kamfule pamsana, dzanja nkugunda mafupa okhaokha.

AGwaza adati, "Mlongo, iyi ndiye mbuzi ya chinkhoswe? Akuchimuna akaona izi m'mbale akanena kuti mwaphera galu."

Nangozo magazi adawira. Mayi ameneyo akadalola kugona ndi njala kusiyana nkuti alendo akanyoze khola lake kwawo. "Ine? Anthu akanene kuti Nangozo sadziwa kuweta?"

Nthawi yomweyo Tonde adatulukira pakona pa nkhokwe, akubwerera madeya ake monga mwa masiku onse, mafuta akugwedezeka, nyimbo ili pakamwa:

Ndevu ndi zanga,
khola ndi langa...

Sadaimalize. Nangozo adayang'ana Tonde, adayang'ana beseni, adayang'ananso Tonde. Adamugwira pamsana, zala nkumira.

"Oho. Madeya anga aja ndawapeza."

AGwaza adati, "Koma mlongo, fungo. Nanga mbuzi zidzabereka bwanji?"

"Fungo litha ndi mandimu ndi tsabola. Tonde ndidzabwereka wanu uja, amangokhala. Masulani kamwanako, chingwe chibwere kuno."

Tonde adalira, meee, meee, "Ndine bambo wa khola ine!" Koma kwa anthu kudangomveka meee. Pomudutsitsa pakhola la ng'ombe, Nalinunda adatulutsa mutu pampanda.

"Pitani bwino aTonde. Chokoma chonse chidalidi chanu."

Akuchimuna adadya mpaka kumasula malamba. Adabwerera kwawo akusimba kuti mbuzi yonona chotero sadaionepo, ndipo Nangozo adayenda mutu uli m'mwamba chaka chonse. Kamfule adathamangira kwa mayi wake m'mapesi, adadya udzu ngati mbuzi zinzake, adakula nkumatsogolera gulu popita kubusa. Iwe Ndaziona, usandifunse za chinkhoswe cha chaka chinacho. Nthano ndi yanga, ndaitsekera pomwepa ngati chipata cha khola.

Tsono Ganizani, ndidakuona dzulo ukulanda chimanga chootcha m'manja mwa mng'ono wako, ati chifukwa ndiwe wamkulu. Tsegula makutu: ukalanda cha wamng'ono chifukwa chodzikuza, umatenga ndi tsoka lomwe lidali lake.

Dzukani, dzuwa lakwera. Katsegulireni ng'ombe zanga, ndipo zibwere zitakhuta.