Miyala Isanu ya Yotamu

"Miyala yopaka laimu iyi musaikhudze. Chiperoni chikatsika, maso anu ndi imeneyi."

Anatero bambo Makwinja, mlonda wa nkhalango ya paphiri, atawaimika pachipata Yotamu ndi mlongo wake wamng'ono Dorika. Anawo anabwera ndi amalume awo pa holide, ndipo ankagona ku loji ya m'munsi mwa phirilo. Njira ya alendo inkakwera mpaka pamathithi, miyala yoyera itandandalikidwa m'mbali mwake.

"Iwe wamaso osakhazikikawe, ndikubwereza. Usasunthe ngakhale umodzi. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

Kumvako kunali kwa pakamwa.

Pokwera, Dorika anamusiya kutali Yotamu, n'kuyamba kumuseka. "Achimwene, miyendo imeneyo munabwereka kwa bakha? Potsika tsogolani, ndikupezani!"

"Pitani, koma tsatani miyala," anatero amalume. "Ine ndipume kaye."

Yotamu anathamanga mtima uli phuliphuli. Kusekedwa ndi kamtsikana! Atafika pomwe njira imakhotera kumanja, anaona kanjira ka anyani kolowera kumanzere. Anazula miyala isanu n'kuindandalika m'kanjirako. "Asochere pang'ono, aleke matama," anatero mumtima.

Asanafike n'kuloji komwe, chiperoni chinatsika. Chinameza nsonga ya phiri, chinameza mitengo, chinameza njira, mpaka munthu osaona phazi lake lomwe.

Amalume anatulukira okha, atanyowa. "Dorika ali kuti?"

Yotamu anayang'ana pansi.

"Iwe, mlongo wako wamusiya kuti?"

"Kaya, amalume."

Bambo Makwinja anatenga chingwe, nakwera ndi anzawo akufuula dzina la mwanayo. Anafunafuna kumathithi, anafunafuna kumlatho, konseko zii. Yotamu ankadziwa pomwe akanayambira, koma mantha a chikwapu anamutseka pakamwa. Anangokhala pakhonde akupukutira manja pakabudula.

Dorika anakamupeza dzuwa litapendeka, m'chigwembe chakuya kumapeto kwa kanjira kaja, mwendo utathyoka pawiri, anyani akubwebweta pamwamba pake. Atamutsitsa pamachira, Dorika anagwira dzanja la mlonda uja.

"Bambo, sindinaphwanye lamulo. Ndinatsata miyala monga munanenera."

Bambo Makwinja anatembenuka. Anayang'ana kabudula wa Yotamu woyera ndi laimu, kenako anamuyang'ana m'maso. Anadikira. Mnyamatayo anabisa manja kumbuyo. Mkuluyo anangopukusa mutu.

Eni nkhalango anagamula kuti mlonda sankasamala njira, ndipo anamuchotsa ntchito sabata yomweyo.

Dorika amatsimphina mpaka lero. Mwana amene ankathamanga ngati gwape sanathamangenso.

Adzukulu anga, Yotamu uja ndine. Agogo anu a Dorika ndinawauza chaka chathachi, titakalamba tonse. Iwo anati, "Achimwene, ine ndakukhululukirani. Nanga bambo Makwinja aja?"

Ndinakawafuna kumudzi kwawo. Anandilozera manda.

Tsono mawa amayi anu akupita nanu kuphiri. Akulu akati ichi musakhudze, musakhudze, ngakhale chioneke ngati kamwala chabe. Ndipo ukalakwa, nena msanga, mnzako akadali m'chigwembe, wokukhululukira akadali moyo.