Chitini cha Neusa

Pakhomo pa mayi Brígida ku Lulimile, dzuwa linkatuluka nsapato za mwana wawo Neusa zitachoka kale pakhonde. Mtsikanayo anali ndi liwiro la mphepo ya mu Juni. Aphunzitsi ake a masewero, bambo Issufo, ankati akapirira zaka ziwiri adzakathamanga ku Maputo.

Koma kwa Neusa zaka ziwiri zinali ngati khumi. Tsiku lina mlongo wake Dário anabwera ndi chitini chonyezimira cha ufa wopatsa mphamvu, chimene anagula kwa woyendetsa lole wina. Pachitinipo panali zilembo za chinenero chimene panalibe amene anatha kuchiwerenga.

"Mana, mlongo wanga, akatswiri onse akumwa zimenezi," anatero Dário. "Sipuni imodzi m'madzi, basi."

"Kawaonetse kaye a Issufo," anatero mayi awo.

"Akandiletsa, amayi," anayankha Neusa. "Iwo amangodziwa nyemba ndi tulo."

Sipuni imodzi inabala zitatu. Masabata oyamba Neusa ankauluka, anzake n'kumangodya fumbi. Kenako mtima unayamba kugunda ngati ng'oma ngakhale ali chikhalire.

"Mwanawe, ukudya chiyani masiku ano?" anafunsa bambo Issufo.

"Nyemba, aphunzitsi," anatero, maso ali pansi.

Pa tsiku la mpikisano wosankha opita ku Maputo, Neusa anatsogola mpaka ulendo womaliza wozungulira bwalo. Mwadzidzidzi m'maso munada bii, nagwa chafufumimba. Anatsitsimukira kuchipatala.

Dokotala anachitembenuzatembenuza chitinicho, chimene mayi Brígida anabweretsa, napukusa mutu. "Zimene anasakanizamo umu sitikuzidziwa. Chimene tikudziwa n'chakuti mtima wako wavulala. Za mpikisano uiwale."

Bambo Issufo sanakalipe. Anaima kumiyendo kwa bedi, nati, "Ukanangondionetsa, mwanangu." Mawuwo anamulasa kuposa chikwapu. Dário naye manyazi anamugwira, anasamukira ku Cuamba, ndipo kwawo sabwerabwera.

Lero Neusa amagulitsa mbatatesi m'mphepete mwa msewu ku Chiuaula. Kachitunda kopita kwawo amakakwera akupumira kawiri. M'mawa anzake akale akamadutsa akuthamanga, ena amamukwezera dzanja, iye n'kuwerama ngati akusankha mbatatesi zowola, kufikira mgugu wa mapazi utazimirira. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.